Munthu wamantha saomba m'manja: Stranger Things pa siteji

Munthu amene wagwidwadi ndi mantha saomba m'manja. Amauma kukamwa, amagwira mkono wa amene wakhala naye pafupi, amaiwala ngakhale kupuma. Kuomba m'manja n'kwa munthu amene wadabwa, amene waona luso ndipo akufuna kuthokoza mwini lusolo. Mantha ndi kudabwa timakonda kuziika m'thumba limodzi, koma n'zosiyana, ndipo kawirikawiri china chikalowa chinzake chimatuluka. Sewero la Stranger Things: The First Shadow, la ku Phoenix Theatre mumzinda wa London, likusonyeza bwino kusiyanaku. Ndi sewero loopsa limene oonerera amayamba kuliombera m'manja lisanafike n'komwe patali.

Chenjezo: ndiulula zambiri za m'nkhaniyi. Amene mukufuna kudzazionera nokha musanamve kanthu, lekerani pompa.

Ambirife Stranger Things timaidziwira pa foni, ena kudzera pa Netflix, ena kudzera m'njira zina zimene tonse tikuzidziwa. Sewero la pa sitejili linatsegulidwa mu Disembala 2023. Analemba ndi Kate Trefry, mmodzi wa olemba kanema uja, ndipo nkhani yake anaiganizira limodzi ndi abale awiri a Duffer komanso Jack Thorne. Otsogolera ndi Stephen Daldry ndi Justin Martin. Mu Epulo 2025 linatsegulidwanso ku New York, ku Marquis Theatre pa Broadway. Mphoto lalandira ndithu: ziwiri za Olivier mu 2024, imodzi mwa izo ya kamangidwe ka siteji, kenako za Tony mu 2025 za siteji, nyali ndi kamvekedwe, kuphatikizapo yapadera ya amisiri a matsenga a pa siteji. Koma pa mndandanda wa Tony wa masewero atsopano opambana, dzina lake silinapezekepo. Oweruza aja anatamanda nyumba, nkhani yokhala m'nyumbamo anaidumpha. Ndikuona kuti sanalakwitse kwenikweni, ngakhale kuti nkhaniyo ili ndi kena kake kofunika kukambirana.

Nkhani yake

Tili mu 1959 m'tauni ya Hawkins, zaka zoposa 20 Eleven asanathawe mu labotale ija. Banja la a Creel langosamukira m'tauniyi kuchokera ku Nevada. Pali bambo Victor, amene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawasiyira mabala a m'maganizo, mayi Virginia, kamtsikana Alice, ndi mnyamata Henry, wofatsa, wamanyazi, wosasiyana ndi kawailesi kake. Amene munaonera gawo lachinayi la mu 2022 mukudziwa kale kuti Henry ameneyu ndi amene adzakhale Vecna. Kusukulu ya sekondale akukumana ndi anthu amene ife timawadziwa ali akuluakulu: Joyce, amene akukonza sewero la pasukulu, Jim Hopper, mwana wa mkulu wa apolisi amene sakumvana ndi bambo ake, ndi Bob Newby wa pulogalamu ya pa wailesi. Watsopano ndi Patty Newby, mwana wolera wa ahedi, amene akufunafuna mayi ake omubereka. Patty ndi Henry akukondana. Kenako ziweto za m'tauni zikuyamba kufa imfa zosamvetsetseka, mafupa ali othyokathyoka.

Chisitima

Seweroli siliyambira kusukulu. Limayambira panyanja mu 1943, pa sitima yankhondo ya dziko la America yotchedwa USS Eldridge. Sitimayi inalikodi. Zoti asilikali anayesa kuichititsa kuti isaoneke ndi maso ndi mphekesera chabe imene yayenda zaka zambiri, ndipo asilikali a pamadzi a dzikolo amaikana. Seweroli limaitenga mphekeserayo ngati zoona. Nyali zimazima, phokoso limakwera mpaka kulimva m'nthiti, utsi umadzaza, ndipo mwadzidzidzi pamalo pamene panalibe kanthu pamaoneka chisitima, chachikulu moti maso amakana kuti chingakwane m'nyumba imeneyo. Asilikali akukuwa, zilombo zikuwagwira. Kenako zonse zimasowa, zilembo zofiira zija za dzina la Stranger Things n'kubwera pamodzi ndi nyimbo yake, ndendende monga pa foni yanu. Holo yonse imaphulika ndi mfuwu ndi kuomba m'manja.

Kuomba m'manja kumeneko n'kumene kukunena zoona. Tangoona anthu akufa, koma palibe amene akuwaganizira. Funso limene lili m'mutu mwa aliyense ndi loti: apanga bwanji? Chisitima chija chinabisala kuti, nanga chalowera kuti? Funso limeneli limatichotsa panyanja n'kutibwezera pampando. Timayamba kuganiza za amisiri: Miriam Buether amene anakonza siteji, Jon Clark wa nyali, Paul Arditti wa kamvekedwe, Jamie Harrison ndi Chris Fisher a matsenga, ndi kampani ya 59 Productions imene inakonza zithunzi zowalitsidwa. Anthu amenewa ntchito yawo ndi mbambande, m'manja akuwayenera. Koma munthu amene akuganiza za amisiri sali m'mantha.

Vuto limeneli si la lero. Mu 1862, ku Royal Polytechnic Institution mu London momwemo, John Henry Pepper anaonetsa mzukwa pa siteji pogwiritsa ntchito nzeru imene anayambitsa injiniya wina dzina lake Henry Dircks. Njira yake ndi yosavuta kuimvetsa. Pakati pa siteji ndi oonerera pamaikidwa galasi lalikulu lopendekeka. Wosewera mzukwa amabisala pamalo pamene oonerera sakumuona, n'kumuwalitsa ndi nyali yamphamvu. Chithunzi chake chimaonekera pagalasipo ngati munthu woonekera mkati, ataima pafupi ndi osewera enieni. Mukaima pawindo usiku m'chipinda muli nyali, mumaona nkhope yanu ikuyandama panja: nzeru yake ndi yomweyo. Njira imeneyi ndi imenenso inagwiritsidwa ntchito mu 2012 pamene Tupac anaoneka akuimba ku Coachella atamwalira kalekale. Kuyambira nthawi ya Pepper mpaka ya Tupac, anthu akaona zoterezi amatuluka akukangana za galasi. Za mzukwa amaiwala.

Zimene foni singachite

Musandimve ngati ndikunena kuti seweroli siliopsa n'komwe. Limaopsa, koma m'malo ena, osati amene anadya ndalama zambiri.

Kanema woopsa ali ndi chida chimodzi chachikulu, kamera. Kamera imakusankhira choona, imakubisira chimene chili kumbuyo kwa chitseko, imakuyandikizira diso la munthu mpaka kudzaza foni yonse. Siteji ilibe zimenezo. Maso ako ali ndi ufulu woyendayenda, ndipo amisiri amayenera kuwakoka ndi nyali kapena phokoso kuti ayang'ane kumanzere pamene kumanja kukukonzedwa chinthu. Koma siteji ili ndi chake chimene foni ilibe. Sungaiimitse. Sungatsitse volyumu, sungathamangitse kuti udumphe pamene pakuvuta, sungatembenuze foni n'kuiika pa bedi. Ndipo chimene chikuchitikacho chikuchitikira thupi la munthu wamoyo, amene akupuma mpweya womwewo umene iwe ukupuma.

Ine ndinalionera mu 2024, osewera oyambirira adakalipo, ndipo chimene chinandikhala m'mutu ndi thupi la Louis McCartney, mnyamata wa ku Northern Ireland amene ankasewera Henry. Chinthu chija chikamamulowa, khosi limapindika, zala zimauma, msana umakhota, mawu amasintha. Mphindi yotsatira wabwerera kukhala kamnyamata kamanyazi kofuna kuseketsa mtsikana koma kosadziwa poika manja. Pamenepo palibe amene amafunsa kuti apanga bwanji, chifukwa yankho likuoneka: ndi munthu, akudzipweteka pamaso pathu. Holo imakhala zii. Mpake kuti seweroli litapita ku New York, McCartney anapita nalo, ndipo dzina lake linalowa pa mndandanda wa opikisana pa Tony.

Chachiwiri ndi phokoso. Pamene mphaka wa mtsikana wina akunyamuka m'mwamba n'kuyamba kuthyoka miyendo, tonse timadziwa kuti si mphaka weniweni. Chimene chimapangitsa anthu kubisa nkhope ndi kulira kwa mafupa. Khutu silitsinzina. Amene tinakula tikumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC tikudziwa kuti chitseko chongomveka kukwiikwii chimamanga nyumba yonse m'mutu, ndipo nyumba ya m'mutu imakhala yamdima kuposa ina iliyonse imene kalipentala angamange. Seweroli limadziwa zimenezi pang'ono, poti ladzaza ndi mawailesi: kawailesi ka Henry kakayamba kusokosera, timadziwa kuti zinthu zatsala pang'ono kuipa, ndipo kudikirako kumaopsa kuposa chimene chimabwera.

Chachitatu ndi malo amodzi pamene matsenga ndi nkhani zimagwirana manja. Chakumapeto, Patty amagwa kuchokera pamwamba pa siteji ya pasukulu, ndipo amagwa pang'onopang'ono, monga momwe kanema amachedwetsera chithunzi, koma ndi munthu weniweni m'malere. Apa luso silikudzionetsera lokha. Likutipatsa nthawi yoona chimene Henry akuona, kuti munthu yekhayo amene sanamuope akupita pansi ndipo palibe chomubweza. Matsenga abwino ndi amenewa, otalikitsa ululu umene nkhani yaukonza kale.

Zina zonse, kunena zoona, ndi kudzidzimutsa: mdima, bata, kenako phokoso lalikulu ndi kung'anima. Thupi limadumpha ndithu, monga limadumphira wina akamenyetsa chitseko. Koma tamverani zimene zimachitika pakangotha masekondi awiri. Anthu amaseka. Amayang'anana n'kuseka. Kudzidzimuka kumathera pomwepo, sikupita nawe kunyumba.

Mapanga awiri

Seweroli limatenga pafupifupi maola atatu, ndipo gawo lalikulu la nthawi imeneyi ndi nthabwala za ana a sukulu. Joyce akulimbana ndi osewera ake osamva, Hopper akuyesa kukhala wapolisi asanakhale wapolisi, Bob akukonda Joyce mwakachetechete. Siteji imazungulira, makabati a m'khonde la sukulu akubwera ndi kupita, zonse zikuyenda mwachangu ngati kamera.

Kusakaniza nthabwala ndi zoopsa si kulakwa. Ndi nzeru yakale ya Grand Guignol, kanyumba ka zisudzo ka ku Paris kamene kanatsegulidwa mu 1897 m'nyumba imene kale inali kachisi, kokhala ndi mipando yosakwana 300. Kumeneko ankaonetsa anthu akukolowoledwa maso ndi kudulidwa khosi, magazi onamizira ali chuchuchu, ndipo Max Maurey, amene ankayendetsa malowo, ankayeza kupambana kwa sewero powerenga anthu amene akomoka. Usiku umodzi unkakhala ndi timasewero tingapo tatifupi, koopsa kutsatana ndi koseketsa, ngati kuthira munthu madzi otentha kenako ozizira. Kuseka kunkamasula thupi kuti mantha otsatira alowe bwino. Malowo anatsekedwa mu 1962, patatha nkhondo imene inaonetsa anthu nkhanza zenizeni zoposa magazi onamizira.

Mu The First Shadow nthabwala zikugwira ntchito ina. Zambiri ndi zogwedeza mutu kwa okonda kanema uja. Dzina lodziwika likatchulidwa, holo imasangalala. Tikazindikira kuti mtsikana uyu adzakhala mayi a Dustin, kapena kuti awa ndi makolo a uje, timamva kukoma kwa munthu wodziwa chinsinsi. Koma kukoma kumeneku ndi mdani wa mantha. Tikudziwa kuti Joyce safa, Hopper safa, Bob imfa yake idakali kutali mu 1984. Atatuwa akamayenda mumdima kufufuza wopha ziweto, palibe chimene chingawachitikire, ndipo ife tikudziwa. Mapanga awiri avumbwitsa. Seweroli likufuna kukhala phwando la okonda Stranger Things komanso tsoka la mwana mmodzi, ndipo tsokalo limakhala likudikira pakhomo kuti phwando lithe.

Dengu ndi mipando

Kuti tione bwino chimene chikusowa, tiyerekeze ndi sewero lina loopsa limene linakhala mu London momwemo zaka zoposa 30. The Woman in Black linachokera m'buku la Susan Hill la mu 1983. Stephen Mallatratt analisandutsa sewero mu 1987 ku Scarborough, Robin Herford n'kulitsogolera, ndipo cholinga chinali sewero lotchipa la nyengo ya Khirisimasi, poti ndalama zinali zochepa. Linafika ku Fortune Theatre mu 1989 n'kukhala kumeneko mpaka Malichi 2023, litaonetsedwa maulendo oposa 13,000.

Olankhula mu sewero limeneli ndi awiri basi. Loya wokalamba, Arthur Kipps, walemba ganyu katswiri wa zisudzo kuti amuthandize kufotokoza zimene zinamuchitikira ali mnyamata kunyumba ina ya m'madambo, imene njira yake imamira madzi a m'nyanja akakwera. Katundu wa pa siteji ndi dengu lalikulu, mipando, zovala zingapo ndi chinsalu chopyapyala. Dengulo limasanduka desiki, bedi, ngolo yokokedwa ndi hatchi. Pali galu amene kulibe, koma osewera akamamusisita oonerera amamuona, ndipo akatsala pang'ono kumira m'matope anthu amamudandaula. Chinthu choopsa kwambiri ndi chitseko chokhoma ndi mpando umene ukugwedezeka wokha. Mayi wovala zakuda uja amangoonekera apa ndi apo, osalankhula. Pamapeto, katswiri wa zisudzo akufunsa za mayi amene wasewera bwino chonchi, ndipo zikudziwika kuti Kipps sanaitane mayi aliyense ndipo sanaone aliyense. Ife tinamuona.

Kusiyana kwake n'kotani? The Woman in Black limakupatsa ntchito. Poti galu ndi wako, madambo ndi ako, ngolo ndi yako, ukafika poopa umakhala ukuopa chinthu chimene wamanga wekha, ndipo chimenecho sungachisiye pampando potuluka. The First Shadow limakugwirira ntchito yonse. Chilombo chachikulu cha miyendo ngati ya kangaude chikaonekera mu utsi, chaoneka, kukula kwake ndi kumeneko, basi. Chimene wachiona ungathe kuchiyeza, ndipo chimene wachiyeza chayamba kale kuchepa.

Makina sakayika

Tsopano tifike pa chimene chandichititsa kulemba zonsezi, chifukwa nkhani ya matsenga a pa siteji simathera pa zosangalatsa. Imakhudza tanthauzo la seweroli.

Mu gawo lachinayi la kanema, Henry amafotokoza yekha chifukwa chimene amaphera. Amanyansidwa ndi anthu, amasirira akangaude, amadziona ngati chilombo chosaka chimene chabwera kudzakonza dziko. Ndi woipa amene akuvomera kuipa kwake. Sewero la pa siteji limasintha chithunzichi. Limatiuza kuti ali mwana ku Nevada, Henry analowa m'phanga, anakumana ndi chinthu cha kudziko lina lija, ndipo anabwerako ali wina. Kuipa kunachokera kunja n'kumulowa. Zimenezi zimatipatsa mwana womumvera chisoni, amene akulimbana ndi chimene chili mwa iye, ndipo akakhala ndi Patty amagwiritsa ntchito mphamvuyo kumuthandiza kufunafuna mayi ake. McCartney amasewera kulimbana kumeneku mogwira mtima.

Koma taonani nkhaniyi m'maso mwa mayi Virginia. Mwana wawo ndi wachilendo, salankhulalankhula, amakonda kukhala yekha. Kumene achokera kunachitika zinazake zimene banja silifuna kuzikamba. Ziweto za aneba zayamba kufa. Mayi akuyamba kumuopa mwana wawo, ndipo akumupereka kwa munthu wodziwa, Dr Brenner, amene akulonjeza kumuthandiza.

Kwa ife a ku Malawi, nkhani imeneyi si yachilendo ngakhale pang'ono. Taimvapo m'mudzi, taimvapo m'tauni, taiwerengapo pa Facebook. Pachitika imfa kapena matenda, pali mwana wosiyana ndi anzake kapena gogo wokhala yekha, zala zayamba kuloza, ndipo papezeka wodziwa, kaya sing'anga kaya mneneri, woti atsimikize. Lamulo la dziko lathu la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe anthu akupitirira kumenyedwa, kuthamangitsidwa, ena kuphedwa. M'nkhani zimenezi palibe mphaka amene amayandama m'malere anthu onse akuona. Chimene chimaoneka ndi maso ndi bala la wonenedwayo.

Pa siteji ya Phoenix mphaka amayandamadi. Ndipo apa ndi pamene matsenga aja amasiya kukhala zokongoletsa n'kukhala oweruza. Makina sakayika. Chinthu chikanyamuka m'mwamba anthu pafupifupi 1,000 akuona, mlandu watha, mwanayo ndi wolakwa, mayi ake sanaganize molakwa. Funso loopsa kwambiri limene nkhaniyi ikanafunsa, loti bwanji ngati mayiyu akuopa mwana wosalakwa, silingafunsidwe ngakhale kwa mphindi imodzi, chifukwa ndalama zonse za seweroli zapita potsimikizira kuti mphamvuzo ndi zenizeni.

Wina anena kuti aise, iyi ndi Stranger Things, zilombo ziyenera kukhalapo, unkafuna chiyani? N'zoona, ndipo sindikunena kuti seweroli likuphunzitsa anthu kuloza ana zala. Koma olembawo anaika okha chinthu m'manja mwawo n'kusachigwiritsa ntchito mokwanira. Sewero limene Joyce akukonza pasukulu ndi Dark of the Moon, sewero lenileni la Howard Richardson ndi William Berney limene linaonetsedwa pa Broadway mu 1945. Ndi nkhani ya mnyamata wa mtundu wa afiti amene wakonda mtsikana dzina lake Barbara Allen ndipo akufuna kukhala munthu. Henry ndi Patty ndi amene akusewera awiriwa, choncho kufanana kwake n'koonekeratu. Koma mu Dark of the Moon, ngakhale mnyamatayo ndi mfitidi, nkhanza yaikulu simachokera kwa iye. Imachokera kwa anthu a m'mudzi, mkati mwa tchalitchi, akuimba nyimbo ndi kukhulupirira kuti akupulumutsa moyo wa mtsikanayo. Sewero la 1945 linkadziwa kuti gulu la anthu otsimikiza mtima limaopsa kuposa mfiti. The First Shadow linabwereka chikondi cha m'seweroli, gululo n'kulisiya. Anthu a ku Hawkins ndi oseketsa chabe.

Pamene seweroli limayandikira mfundo imeneyi ndi pa Brenner, ndipo m'pamene limakhala labwino kwambiri. Patrick Vaill ankamusewera ngati munthu waulemu, wa suti yoyera bwino, wa mawu ofewa. Bambo ake ndi amene anali kapitawo wa sitima ija, choncho chimene akufuna mwa Henry si kumuchiritsa. Akufuna khomo lolowera kudziko limene linawononga bambo ake. Amamulimbikitsa mwanayo kuti asalimbane nacho chinthucho, achilole, aphe. Pamapeto pake magazi a Henry ndi amene akugwiritsidwa ntchito popanga ana ena a mu labotale, Eleven ali m'gulu lomwelo. Zochitika za Brenner ndi Henry zambiri ndi anthu awiri akulankhulana m'chipinda choyera. Palibe chisitima, palibe zilembo zofiira. Pali munthu wamkulu amene wapatsidwa mwana kuti amuthandize, ndipo waona kuti mwanayo ndi chuma. Pamenepo palibe amaomba m'manja, palibe amaseka. Munthu ameneyu timamudziwa, ndipo sachokera kudziko lina.

Ndiye tinene kuti chiyani?

Ngati muli ku UK kapena ku New York ndipo thumba likulola, kaonereni. Ngati luso la zomangamanga za pa siteji, ndi chinthu chimene simudzachiiwala msanga, ndipo ndi bwino kuona kamodzi m'moyo zimene anthu, zingwe, magalasi ndi nyali zingachite popanda kamera. Amene muli kutali, pa Netflix pali kanema wa mu 2025 wotchedwa Behind the Curtain: Stranger Things The First Shadow, wosonyeza momwe seweroli linakonzedwera. N'zosadabwitsa kuti kanema woteroyo alipo, poti funso limene seweroli limasiya mwa anthu ambiri ndi lomwe lija: apanga bwanji?

Koma ngati sewero loopsa, ndi la pakati. Limadabwitsa kwambiri, limadzidzimutsa kangapo, limaopsa pang'ono, ndipo pang'ono pamenepo ndi pamene makina apuma: mnyamata akupindika thupi, wailesi ikusokosera, mayi akulankhula ndi mwana wawo ataima patali kuposa momwe mayi amaimira, dokotala akumwetulira.

Izi ndi nkhani yabwino kwa inu amene mukulemba masewero a mipikisano ya ATEM, a ku koleji, kapena a m'holo ya tchalitchi, amene mumadandaula kuti mulibe nyali, mulibe utsi, magetsi amatha kuzima pakati pa sewero. Chisitima simudzakhala nacho, ndipo si chimene chikusowa. Zimene zinaopsadi ku Phoenix Theatre mungazikwanitse ndi osewera awiri, mpando, chitseko ndi kawailesi ka mabatire. Ndipo muli ndi mwayi umene amisiri a ku London anautaya: poti mulibe njira younyamulira mphaka m'malere, oonerera anu sadzadziwa ngati mwanayo anachitadi kapena ayi. Adzatuluka akukangana, ena akuti anachita, ena akuti ananamiziridwa, ndipo pofika kunyumba wina adzakumbukira dzina la mwana amene kwawo anamuthamangitsa.